Katundu wa a Kalisto

Njinga ya ambulansi idafika m'mudzi mwathu, kwa Chadewa, nyengo yokolola chimanga. Idabwera pa galimoto ya bungwe lina lothandiza za umoyo, ndipo tsiku limenelo palibe adapita kumunda. Idali njinga yakapalasa yobiriwira, kumbuyo kwake atalumikiza kangolo ka matayala awiri. M'kangolomo mudali matiresi, pamwamba kadenga ka lona, m'mbali makatani. Amayi adaimba ndi kuvina, nthungululu zidamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Kachule. Mlendo wa kubungweko adanena kuti kuyambira tsiku limenelo mayi asachirirenso panjira. Tonse tidaomba m'manja, ndipo amene adaomba kwambiri ndi amayiwo.

Chaka chonse chidatha popanda mayi woyembekezera ngakhale mmodzi wokwera njingayo. Idanyamulapo bambo wina amene adadzitema ndi nkhwangwa, ndi nkhalamba ina ya chifuwa. Masiku ena onse inkangokhala m'kachipinda ka kutchalitchi, akangaude akuluka m'masipoko. Amayi ankapitabe wapansi monga kale, ndipo ena ankachirirabe panjira.

Mudzi wathu uli m'mapiri a kum'mawa kwa Mponela, kumene munthu sadziwa bwino ngati akadali ku Dowa kapena walowa ku Ntchisi. Chipatala chathu ndi chaching'ono, chili pamsika kumunsi kwa phiri. Munthu wamphamvu akanyamuka mbandakucha amakafika dzuwa litakwera ndithu. Galimoto timaziona nthawi yogula mbewu ndi nthawi ya kampeni. Dzinja likafika, ngakhale anyamata a njinga zamoto amakana kubwera, amati msewu wathu umadya matcheni.

Amene adasankhidwa kuti aziyendetsa njingayo ndi a Kalisto Mbewe. Ine sindidazolowere kutamanda munthu akadali moyo. Ku mishoni adatiphunzitsa kuti chitamando chimawononga wochilandira ndi wochinena yemwe. Ndingolemba zimene ndidaona ndi zimene eni ake adandiuza.

A Kalisto ndi mkamwini, kwawo ndi kwa Dzoole. Sukulu adailekeza akadali wamng'ono, nakaweta ng'ombe za amalume awo. Atakula adakakhala tenanti wa fodya ku Bowe. Atatopa ndi kulimira eni ake, adagula njinga nayamba kabaza pa Mponela. Kumeneko adanyamula aphunzitsi, anamwino, mabelo a fodya, nkhumba zomanga miyendo, malata, chilichonse chimene chinkakwana pakaliyala ndi zina zimene sizinkakwana. Njinga zamoto zitachuluka, anthu adasiya kukwera yakapalasa, ndipo iwo adabwerera kwa akazi awo a Kezia nayamba kulima kabichi ndi tomato kudimba. Ndi munthu wamfupi, miyendo yawo ngati minsi. Polankhula amakweza mawu ngati akuitana munthu ali kutsidya. Akakhala panjinga amaimba nyimbo za kutchalitchi, vesi ya nyimbo iyi kuilumikiza ndi kolasi ya nyimbo ina.

Kungokhala kwa njinga ija kunkawapweteka. Ankapita kukaipukuta, kuipopa matayala, kuithira mafuta, kenako n'kutsekanso chitseko. Tsiku lina adafunsa akazi awo ali kudimba.

"Amake Promise, kodi njinga ija idalakwanji? Matiresi alipo, mthunzi ulipo. Kapena vuto ndine?"

"Inunso muli m'gulu la mavutowo," adayankha a Kezia akuthirira kabichi, "koma lalikulu ndi njingayo. Ija si njinga, ndi belu la kutchalitchi. Ikangotuluka, mudzi wonse umadziwa kuti wina matenda amuyamba. Amayi pamjigo amayamba kuyang'anana kuti wasowa ndani."

Kwathu kuno, mayi nthawi yake ikakwana, nkhaniyo siilengezedwa. Amadziwa ndi amayi ake, mwina ndi mnzake mmodzi wapamtima. Mwamuna, ngakhale mwini wake wa mimbayo, amauzidwa zonse zitatha. Akuluakulu amati munthu wa mtima woipa akadziwa kuti wayamba ulendo, angathe kumanga mimbayo, mwana osatuluka. Ife a mpingo timalalikira kuti zimenezo n'zachabe, ndipo amayi amavomera kuti ameni. Koma tsikulo likafika, mayi amasenza dengu kumutu nadzera njira ya kudimba ngati akukathyola ndiwo. A Kezia omwe adachita chomwecho pa mimba ya Promise, mwana wawo woyamba. Adachirira patsinde pa msuku pakati pa ulendo, nataya magazi ambiri kotero kuti a Kalisto, poitanidwa ku Mponela, adabwera akuganiza kuti akudzera maliro.

"Ndiye kuti njingayi ikadakhalapo nthawi imeneyo, simukadakwera?"

"Ndikadakwera bwanji, maso onse ali pa ine?"

Nzeru imene a Kalisto adabwera nayo adaitenga ku kabaza. Iwo amati munthu woyenda msewu umodzimodzi tsiku lililonse palibe amamuona, amene amaonedwa ndi mlendo. Pa msonkhano wa komiti ya zaumoyo, momwe inenso ndili, adaimirira napempha kuti njingayo azituluka nayo m'mawa uliwonse, kaya kuli wodwala kaya kulibe, azinyamulira zakudimba kupita kumsika. Chifukwa chenicheni sadachinene, popeza si nkhani yoti mwamuna n'kuiyankhula pagulu. Adangoti njinga yongokhala imachita dzimbiri.

Abambo adanyinyirika. Katundu wa odwala azinyamula kabichi? Nanga matayala akatha? Nanga eni bungwe akamva? Mlangizi wathu wa zaumoyo, a Victor, mnyamata amene nkhani ya amayi ochirira panjira inkamuvutitsa pa msonkhano uliwonse, adawayang'ana a Kalisto nawafunsa:

"Makatani mudzatseka kapena mudzatsekula?"

"Ndidzatseka, achimwene. Kabichi amafota ndi dzuwa."

A Victor adaseka mpaka kugwira pamimba. Kenako adaika malamulo awo: matiresi azikutidwa ndi pulasitiki, kangolo kazitsukidwa ndi klolini tsiku lililonse, foni izikhala yoyaka, ndipo matayala akatha asadzalire kwa komiti. Pomaliza mayi mmodzi wa m'komitimo adati, akuyang'ana pansi, "Asiyeni ayese."

Tsiku loyamba mudzi udagwedezeka. Njinga itangotulukira pabwalo la tchalitchi, makatani ali otseka, belu likulira, anthu adasiya makasu. Amayi pamjigo adasiya zidebe zikusefukira. Ena adathamangira kumsewu, ena adathamangira kunyumba za amene ankawaganizira. Pa doko la Kachule, pamene msewu umawoloka mtsinje pa mlatho wa mitengo, pali nyumba ya a Andreya, ndipo pansi pa mango awo ndi pamene abambo amasewera bawo. Abambowo adaimirira onse, ena atavula zipewa.

"Mwanyamula yani, a Mbewe?"

A Kalisto adatsika mwaulemu, nakweza katani pang'onopang'ono. M'katimo mudagona makabichi, ataunjikana bwinobwino mpaka kudenga.

"Akudwala chiyani?" adafunsa a Andreya atapezanso mpweya.

"Kusowa ogula, akulu. Ndikupita nawo kwa adokotala a pamsika."

M'mawa mwake anthu adathamanganso, napeza tomato. Tsiku lina adapeza mbuzi ikuwayang'ana. Tsiku linanso adapeza a Kezia atakhala mwachifatse akusenda mtedza, ndipo adawafunsa ngati sadaonepo munthu akusenda mtedza. Njingayo idatchedwa ambulansi ya kabichi. A Andreya ankati akaimva ikubwera, amafuula osadzutsa mutu pa bawo, "Odwala agona bwanji lero?" A Kalisto ankayankha kuti mmodzi wayamba kuwola koma enawo akupezako bwino.

Pofika nthawi yosoka fodya, maso a mudzi adali atatopa. Belu linkalira, nyimbo zosokonekera zinkamveka, amayi pamjigo osatembenuka n'komwe.

Kumsika kudapezeka wina wothandiza. A Hajara, akazi a a Yakubu, ali ndi golosale yoyandikana ndi mpanda wa chipatala, ndipo kuseri kwa golosaleyo kuli bwalo lotchingidwa ndi malata, lokhala ndi kachipata kotulukira kuchipatalako. A Kezia ndi amene adakawanong'oneza. A Hajara sadafunse zambiri. Adangowauza a Kalisto kuti kuyambira tsopano katundu aliyense azitsitsira kuseri, chifukwa kutsogolo amawatsekera makasitomala, ndipo pobwerera azinyamula shuga ndi sopo wopita ku maokala a kumapiri. Matayala atatha, adawagulira ndi iwowo.

Kagwiridwe ka ntchitoyo kadali kotere. Mayi nthawi yake ikakwana, amake ankauza a Kezia. A Kezia ankangoti, "Abambo a Promise, lero mudzere kwa uje, kuli katundu." A Kalisto ankaimika njinga kuseri kwa chigafa cha pakhomopo, nachokapo kukayang'ana chimanga cha eni ake ngati akufuna kuchigula. Akabwerako ankapeza makatani atamangidwa, nakwera, nayamba kuimba. A Kezia ankatsata pambuyo monga ankachitira masiku onse a msika, kukankha pa chikweza. Kuseri kwa golosale, a Kalisto ankatsika nalowa m'sitolo kukapereka moni kwa a Yakubu, ndipo moniwo unkatalika mpaka a Hajara atabwera kudzanena kuti katundu watsitsidwa. Katani sankalikweza. Ndidawafunsa chifukwa chake, popeza ankadziwa bwino lomwe pakhomo pamene atenga katunduyo.

"Aphunzitsi, kudziwa n'kwina, kuona n'kwina. Munthu akandifunsa kuti ndanyamula yani, ndimayankha kuti sindinaone, ndipo Lamulungu ndimadya mgonero mtima uli m'malo."

Mwa njira imeneyi amayi angapo adakachirira kuchipatala chaka chimenecho. Mudzi unkamva mwana atabadwa kale.

Magdalena, amene nkhani yake ndiyo yandichititsa kulemba zonsezi, ndidamuphunzitsa ine ku pulayimale. Adali mtsikana wosalankhulalankhula, ndipo adakula chomwecho. Mwana wake woyamba adabadwa pa opaleshoni. Pa mimba yachiwiriyi anamwino a kusikelo adamuuza mobwerezabwereza kuti asayerekeze kuchirira kunyumba kapena panjira, chifukwa chilonda chakale chingathe kung'ambika. Adamuuza kuti apite msanga akadikirire kuchipatala. Iye adavomera, koma fodya adali pothyola, mwamuna wake Frank adalibe womuthandiza kusoka, ndipo mwa kuwerenga kwake nthawi idali ikadalipo.

Padali chinanso. Banja la Magdalena lidali pa mkangano wa malire a dimba ndi a Andreya. Chaka chapitacho, mkangano utafika poipa, a Andreya adaloza chala amayi ake a Magdalena nati, "Tidzaonana." Munthu wokwiya amalankhula zotero, koma amayiwo adawasunga mawuwo. Pa anthu onse a m'mudzi, amene sankayenera kudziwa tsiku la mwana wawo adali a Andreya. Ndipo msewu wa kuchipatala umadutsa pakhomo pawo.

Matenda adamuyamba nthawi isadakwane, m'mawa wina wa mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse. Ine za matendawo sindinkadziwa. Ndidanyamuka ndi njinga yanga kupita ku msonkhano wa akulu a mpingo, ndipo nditafika pa Kachule ndidapeza mlatho palibe. Mitengo yonse idali itapita ndi madzi. Mtsinje udali wofiira, ukuthamanga, wofika munthu m'chiuno. Abambo ambiri ndithu adaimirira m'mphepete, ena akuloza pamene padali mlatho, ena atayala kale bawo. Onse adagwirizana kuti pofika masana madzi aphwera, ndipo wanzeru adikire.

Tili pomwepo njinga ya ambulansi idatulukira pa mtsetse, matope ali thothotho. A Kezia adali pambuyo, chitenje atamanga m'chiuno, akupuma mwaphuma. Chimene ndidazindikira ndi chakuti a Kalisto sankaimba.

Adaima m'mphepete mwa madzi, nayang'ana kumtunda, nayang'ana kumunsi. Kenako adatembenukira kwa abambo aja akumwetulira, koma kumwetulirako sikudafike m'maso.

"Akuluakulu, tandigwirani dzanja. Tikanyamula tili anthu asanu ndi mmodzi, tiwoloka."

Abambo adaseka.

"Tinyowe chifukwa cha kabichi?" adatero a Andreya. "Auzeni odwala anuwo apirire. Madzi aphwera masana."

"Msika sudikira masana, akulu."

"Ndiye awolotseni mmodzimmodzi pamutu. Kapena aponyeni m'madzimo, amayandama. Mukawapeza kumunsi."

"Ndikupatsani awiriawiri aliyense."

"Amene aja odyedwa ndi mbozi? Ngakhale nkhumba yanga inakana."

Kuseka kudakula. Nzeru ya a Kalisto idali itagwira ntchito mopitirira. Miyezi yonseyi adaphunzitsa mudzi kuti m'kangolomo mulibe kanthu kodetsa nkhawa, ndipo mudzi udaphunzira bwino. A Kalisto akadangonena mawu amodzi, aliyense akadalumphira m'madzi. Koma mawuwo sadali awo, ndipo woyamba kuwamva akadakhala a Andreya. A Kalisto adayang'ana akazi awo. A Kezia adagwira katani ndi dzanja limodzi, maso ali pansi, milomo ikuyenda.

A Kalisto adavula nsapato, nakwinya buluku, nalowa m'madzi okha kuti ayese kuya kwake. Madzi adawakankha, napepesuka, nagwira muzu. Adatuluka akudontha, nagwira kangolo kutsogolo ngati akufuna kukasenza okha.

"A Mbewe, mwapenga?" adatero wina. "Njinga ya komiti imeneyo."

Pamenepo mudamveka mawu kuchokera m'makatani. Adali otsika, koma pa doko ponse padamveka.

"Bambo Andreya, ndine Magdalena. Ndiwolotseni."

Munthu wina adali ndi nkhomo za bawo m'manja, ndipo ndidamva zikugwa pansi imodziimodzi. Palibe adayang'ana kangoloko. Ena adayang'ana madzi, ena kumwamba. A Andreya adaima chilili, pakamwa pali yasa. Iwo ankadziwa bwino za chala chimene adaloza, ndipo ankadziwa chimene mudzi ungadzanene ngati chinthu chitalakwika kutsidyako.

Adavula jekete yawo, naipachika pa nthambi ya mango.

"Anthu inu," adatero mokweza, akuyang'ana anzawo, "kabichi wa a Mbewe akufota ife tikuonerera. Kodi tilibe manyazi? Iwe gwira uko. Iwe masula njingayo, iwoloke payokha. Aphunzitsi, inu ndinu wamtali, mukhale kumbuyo. Ine ndikhala kumtunda kumene madzi akumenya."

Sindidaonepo abambo a kwathu akugwira ntchito mwachangu chotero. Njinga idamasulidwa, mnyamata wina naisenza pamutu. Kangolo tidakakweza pamapewa. Madzi adali ozizira ngati a m'mtsuko, ndipo miyala inkagubuduka pansi pa mapazi. A Andreya adapereka msana wawo ku madziwo, akuyenda cham'mbali ngati nkhanu, akulamula phazi lililonse. A Kezia adawoloka atagwira katani, madzi ali m'chifuwa. Pakati pa mtsinje phazi la wina lidaterereka, kangolo kadapendekeka, ndipo m'katimo mudamveka kubuula. Tonse tidamva.

"Kabichi ameneyu ngolemera," adatero a Andreya mano ali gwa. "Mwathira feteleza wanji, a Mbewe?"

"Manyowa a mbuzi okhaokha, akulu."

"Mudzatiphunzitse. Kwezani kumanzereko. Phazi limodzi. Linanso."

Tidafika kutsidya. Palibe adalamula, koma palibe adabwerera. Kutsidya kwa Kachule kuli chikweza chachitali chimene masiku onse a Kalisto ndi a Kezia amakankha mopumira. Tsiku limenelo njinga idalumikizidwa msangamsanga, a Kalisto adakwera, ndipo abambo onse aja adaikankha akuthamanga, mabuluku akudontha, matope akuwaza. Nkhalamba ina imene imayenda ndi ndodo ndidaiona ikuthamanga nafe, ndodo ili m'khwapa. Onse ankalankhula za kabichi. Wina ankati mtengo wake wakwera ku Mponela, wina ankati ayi, watsika, natsutsana mwamphamvu mpweya ukuwathera.

Pamwamba pa chitunda ndi pamene foni imagwira. A Kezia adaimbira a Victor, nalankhula mawu ochepa atatembenukira kutchire. Abambo adaima pomwepo, manja ali m'mawondo. A Andreya adamenya chishalo ndi chikhatho.

"Pitani, a Mbewe. Msika ungathe."

Kuchokera pamenepo mpaka kumsika ndi mtsetse wokhotakhota. A Kezia adakhala pakaliyala. Ine ndidatsata pa njinga yanga, imene munthu wina adandiwolotsera, koma ndinkangoona kadenga ka lona kakuzimirira pa ngodya iliyonse. Munthu amene adapalasa kabaza zaka zonse zija adaonekera pamenepo. Maenje ankawadziwa ngati mano a m'kamwa mwake. Pamene madzi adakumba ngalande ankadutsa chopingasa kuti matayala onse awiri a kangolo atsike pamodzi. Mabuleki atanyowa n'kuyamba kulephera, adaponda tayala lakutsogolo ndi chidendene. Belu linkalira kosalekeza, mbuzi ndi nkhuku zikubalalika. Chapakati pa mtsetsewo ndidamva ayamba kuimba, mokweza kuposa masiku onse, ndipo ndidazindikira pambuyo pake kuti ankaphimba mawu a m'makatani podutsa m'midzi ya m'mbali mwa msewu. Anthu a m'midzimo ankangokweza dzanja osasiya zimene akuchita. Kwa iwo, ambulansi ya kabichi yangochedwa lero, basi.

Nditafika pamsika ndidapeza chipata cha kuseri kwa golosale chili chotseka. A Kalisto adakhala pakhonde, chidendene chikutuluka magazi. A Yakubu adaima pambali pawo akuwafotokozera za mvula ya chaka chino, ndipo a Kalisto ankavomera zonse. Patapita kanthawi a Hajara adatuluka ndi kapu ya tiyi ndi mandasi.

"Katundu watsitsidwa," adatero. "Imwani. Mukundidetsera khonde ndi phazi lanulo, pitani akakumangeni."

"Wafika bwino katunduyo, mayi?"

"Wafika m'manja mwa eni ake. Zinazo si za inu."

Anamwino atamuona Magdalena sadachedwe. A Victor adali ataimbira kale ku boma, ndipo dzuwa lisadafike pamutu galimoto ya ambulansi idalowa pachipata cha chipatala nitulukanso. A Kalisto adaiyang'ana mpaka idakhota. Kenako adatsuka kangolo ndi klolini, napakira shuga ndi sopo wa a Hajara, nabwerera kumapiri. Pa Kachule madzi adali ataphwera monga abambo adanenera. Bawo idali pamalo pake, koma palibe ankasewera. A Andreya adakhala paokha pa muzu wa mango, ndipo sadafunse za odwala.

Tsiku lotsatira lonse adakhala pomwepo. Akazi awo adandiuza pambuyo pake kuti sadadye. Chakumadzulo, dzuwa likadalipo, nthungululu zidamveka kuchokera kwa amayi ake a Magdalena, ndipo zidayenda khomo ndi khomo mpaka kutsika ku doko. Opaleshoni idachitika pa nthawi yake, mwana wamkazi, amake ali bwino. Frank adauzidwa ali m'chigafa, singano yosokera fodya ili m'manja, ndipo akuti adathamanga kuzungulira chigafacho asadafunse n'komwe ngati ndi mwamuna kapena mkazi. A Andreya atamva adaimirira, natenga jekete yawo imene idali ikadali pa nthambi, nalowa m'nyumba kukafunsa chakudya.

Mwanayo adamutcha Hope. Mlandu wa dimba sudathe, ukadalipo mpaka lero, ngakhale kuti tsopano amakangana motsitsa mawu. Za tsiku lija palibe mwamuna adazitchulapo pagulu. Mukafunsa aliyense wa amene tidanyowa, adzakuuzani kuti tidawolotsa kabichi.

Mlatho tidaumanganso ndi mitengo, ndipo udzapitanso. Za mlatho wa simenti timazimva nthawi ya kampeni. A Kalisto mawondo ayamba kuwavuta, ndipo komiti sidapeze wina wovomera kutuluka tsiku lililonse, mvula kaya dzuwa. Amayi ena akadasenzabe dengu kudzera kudimba. Chimene chidasintha ndi cha pa doko. Tsopano belu likangomveka pa mtsetse, abambo amasiya bawo, naikankha njingayo mpaka pamwamba pa chitunda, osafunsa kanthu, osayang'ana makatani. A Kalisto amalandira thandizolo tsiku lililonse mosakana.

Mwezi wathawu ndidali pomwepo pamene adaikankha mwamphamvu, chifukwa idali yolemera ndipo a Kalisto adaoneka a nkhope yolimba. Atafika pamwamba, thukuta lili kamukamu, m'makatani mudalira nkhumba.

A Andreya adapukuta nkhope ndi chipewa, nawayang'ana a Kalisto kwa nthawi yaitali.

"Akapezeko bwino," adatero, natsika kubwerera ku bawo.